Funsani Tikuyankheni: Kodi tipite ndi ana kukaona linga lakale la m'phiri la Mangochi?

FUNSO

Akonzi, ine ndine mayi wa ana atatu ndipo timakhala pa Boma pano pa Mangochi. Mwana wathu woyamba, amene ali Sitandade 7, anaphunzira kusukulu za malonda a akapolo ndi za malinga amene azungu anamanga kuno, ndipo chiyambire pamenepo sakutipatsa mpata, akufuna kuti pa holide ikubwerayi tonse tikaone linga lakale limene lili m'phiri la Mangochi. Bambo a kunyumba avomera, koma apongozi anga akukanitsitsa kwamtuwagalu. Iwo akuti kubwinja sikopita ndi ana chifukwa kumakhala njoka ndi mizimu, komanso akuti n'kupanda ulemu kukadyera kamba pamalo pamene panafera anthu. Mwana wathu wachitsiriza ali ndi zaka 5. Kodi ulendo woterewu ndi woyenera? Ngati ndi woyenera, tikonzekere bwanji, ndipo tikapemphe chilolezo kwa yani?

Mayi wodera nkhawa, Mangochi Boma

YANKHO

Mayi, ulendowu ndi woyenera ndipo ndikukulimbikitsani kuti muukonze, koma mawu a apongozi anu musawataye, chifukwa m'zimene anenazo muli nzeru imene ingakuthandizeni kuyenda bwino. Bwinja limakhala ndi eni ake. Ngakhale denga litagwa ndipo udzu utamera m'zipinda, pamakhalabe anthu amene makolo awo anakhalapo, anagwirapo ntchito kapena anaikidwa m'manda pafupi, pamakhalanso mfumu ya deralo ndiponso nthambi ya boma imene lamulo linaipatsa udindo wosamala malowo. Banja limene lalowa kudzera mwa anthu amenewa limayenda mtima uli m'malo, ndipo ana amabwerako atamva zinthu zimene m'buku la kusukulu mulibe.

Musananyamuke, inu ndi bambo muyambe mwaidziwa mbiri ya malowo, chifukwa popanda mbiriyo ana adzangoona miyala younjikana, n'kuyamba kufunsa za nthawi yobwerera. Phiri la Mangochi linali likulu la mfumu ya Chiyao, Jalasi, amene m'mabuku a azungu amalembedwa kuti Zarafi. Mudzi wake unali pamwamba, pamalo ovuta kuti adani afikepo, ndipo m'dera lake munkadutsa njira za amalonda zochokera kunyanja kulowera kugombe la kum'mawa, njira zimene munkayenda minyanga ya njovu, nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, komanso anthu ogwidwa ukapolo. Mu 1891, boma la atsamunda limene linkatsogoleredwa ndi Harry Johnston linamanga linga m'mbali mwa mtsinje wa Shire moyang'anizana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, ndipo linga limenelo linatchedwa Fort Johnston, dzina limene tauni yanu inadziwika nalo mpaka dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, msilikali wawo wamkulu, Captain Cecil Maguire, anaphedwa panyanja pamene ankalimbana ndi ngalawa za mfumu ina ya Chiyao, Makanjira. Kumayambiriro kwa 1892 asilikali a boma anapita kukathira nkhondo Jalasi koma anabwezedwa, mpaka anasiya mzinga wawo m'manja mwa ankhondo ake. Anadzabweranso mu 1895 ndi gulu lalikulu, mmene munalinso asilikali ochokera ku India, n'kulanda phirilo, ndipo Jalasi anathawira kutsidya, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Linga limene mwana wanu akufuna kukaonalo linamangidwa pambuyo pa nkhondo imeneyi, pamalo amene kale anali a Jalasi. Pambuyo pake linagwirapo ntchito ngati ndende, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inayamba mu 1914, ankaphunzitsirako asilikali a King's African Rifles. Zimene zatsala lero ndi makoma ochindikala a miyala ndi zotsalira za nyumba za m'kati mwake.

Tsono nkhani ya chilolezo. Linga limeneli lili m'nkhalango yotetezedwa ya Mangochi, chakumtunda mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera msewu wopita ku Namwera ndi ku Chiponde. Kuyambira mu 2018 nkhalangoyi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks, lomwenso likuyang'anira malo osungira nyama a Liwonde kuyambira mu 2015, ndipo njovu zimayenda pakati pa malo awiriwa. Chifukwa cha ichi chokha, musaganize n'komwe zongoimika galimoto kapena kutsika minibasi m'mbali mwa msewu n'kuyamba kukwera nokha. Pitani kaye ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili pafupi ndi mlatho m'tauni mwanumo, mukafunse ogwira ntchito a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala, kuti akulumikizeni ndi oyang'anira nkhalango amene angakuuzeni ngati njira ili yotsegula, zolipira zake, ndiponso munthu wokuperekezani. Mukafika m'dera loyandikana ndi phirilo, m'dziko la Mfumu Jalasi ya masiku ano, kaonekereni kwa anyakwawa kapena amfumu a mudzi umene mudzadzerepo. Ulemu umenewu suchedwetsa ulendo, ndipo nthawi zambiri ndi pamenepo pamene pamapezeka mkulu wodziwa mbiri imene anaimva kwa agogo ake. Mukamuthokoze ndi kangachepe, chifukwa wasiya ntchito zake kuti akuthandizeni.

Pali chifukwa china chimene chimachititsa kuti kuonekera kwa amfumu kukhale kofunika kwambiri pa holide yaikulu imeneyi. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ndi nyengo ya zinamwali m'midzi yambiri ya Chiyao, ndipo ndagala, misasa imene anyamata amavinidwirako, zimamangidwa kutchire, kutali pang'ono ndi mudzi, m'malo omwewo amene mlendo angaone ngati njira yachidule. Banja limene lili ndi mayi ndi ana aang'ono likatulukira pamalo otere mosadziwa limapalamula mlandu umene likanaupewa pongofunsa. Sankhaninso tsiku mwanzeru. Lachisanu masana anthu ambiri amakhala kumzikiti ndipo Lamulungu ena amakhala kutchalitchi, choncho Loweruka ndilo tsiku limene mungapeze wokuperekezani mosavuta.

Za mwana wa zaka 5 ndinene mosabisa: kuphiriko musapite naye. Ulendo wake ndi wapansi, wokwera mtunda, ndipo mwana wa msinkhu umenewo akatopa pakati pa njira wina ayenera kumubereka pamalo amene munthu wamkulu amafunika manja onse awiri kuti adzigwiririre. Musiyeni ndi agogo akewo, ndipo zimenezi zidzachepetsanso nkhawa yawo. Koma musamumane mbiri, chifukwa pa Boma pomwepo pali zambiri zimene banja lonse, pamodzi ndi apongozi anu, lingaone m'mawa umodzi wokha. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamwalira mu 1901. Pomwepo pali mfuti yaikulu ya sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kutsidya la nyanja, ku doko limene lero likutchedwa Liuli m'dziko la Tanzania. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julaye 1946. Anthu ambiri a m'tauniyi amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osaimapo, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti alendo ochokera kutali amawerenga mawu olembedwa pa zikumbutsozi pamene ana obadwira pafupi sanauzidwepo kuti zikunena chiyani. Ndingakonde kuti ulendo wa m'tauni ukhale woyamba, wa kuphiri udze pambuyo, kuti ana akamakwera akhale akudziwa kale mayina a Mponda, Makanjira ndi Jalasi.

Pa za njoka, apongozi anu akunena zoona. Makoma akale amakhala ndi ming'alu yofunda, ndipo mbewa ndi abuluzi amene amabisala m'menemo amakopa njoka. Mphiri ndiyo yoopsa kwa oyenda pansi chifukwa siithawa ikamva mapazi, imangogona phee m'masamba ouma kapena m'mbali mwa njira, ndipo khungu lake limafanana ndi nthaka. Ana avale nsapato zotseka, osati mapatapata, ndiponso zovala zofika m'miyendo, ayende pambuyo pa wokuperekezani, ndipo muwauze motsindika kuti asapise dzanja m'dzenje, m'mng'alu wa khoma kapena pansi pa mwala, mmene mumakhalanso zinkhanira. Wina akalumidwa ndi njoka, musatemere pabalapo, musayamwe, ndipo musamange mwendo mothinitsa ndi chingwe. Mukhazikeni mtima pansi, asayendeyende, muvuleni chilichonse chothina pafupi ndi balalo, ndipo munyamuleni kupita naye kuchipatala mwachangu. N'chifukwa chake ndi bwino kuti pa ulendowu pakhale akuluakulu osachepera awiri kupatula wokuperekezani, foni yodzaza moto, ndiponso munthu kunyumba amene akudziwa kumene mwalowera ndi nthawi imene mukuyembekezeka kubwerako.

Komabe chimene chimavulaza ana kawirikawiri m'mabwinja ndi khoma lenilenilo. Mukafika, imani pafupi ndi khoma limodzi muliyang'anitsitse pamodzi ndi anawo. Mudzaona mmene mizu ya mitengo, makamaka ya mtundu wa kachere, imalowera pakati pa miyala: muzu umayamba ngati kaulusi kotsata chinyezi, kenako umakula mpaka kufika pa msinkhu wa dzanja la munthu, n'kumakankha miyalayo pang'onopang'ono mpaka mzere wonse utapendekeka. Dothi kapena laimu amene anamangira amakhala atafumbutuka, moti mukangokhudza ndi chala amayoyoka. Khoma lotere limaoneka lolimba chifukwa laima zaka zoposa 100, koma mwala wa pamwamba umakhala utangotsamira, ndipo mnyamata wokwerapo kuti ajambulidwe chithunzi angagwe nawo limodzi. Lamulo likhale lakuti palibe kukwera khoma, palibe kulowa m'chipinda chimene pamwamba pa khomo pake pang'ambika, ndipo palibe kuthamanga m'udzu wautali, chifukwa m'malo amene munkakhala anthu ambiri mumakhala maenje a zitsime ndi zimbudzi zakale amene anakwiririka pamwamba pokha. Mukamva kulira kwa njuchi m'khoma kapena m'mphako, bwererani mwakachetechete. Samalaninso ndi chitedze, chimene nyemba zake zaubweya zimakhala zitauma m'nyengo imeneyi.

Nyamukani m'mamawa kuti mukwere dzuwa lisanatenthe, ndipo mutenge madzi akumwa ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti ndiyo yabwino. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuno n'koopsa kwa ana, ndipo m'dzinja miyala imaterera, udzunso umabisa njira. Moto musakoleze ngakhale pang'ono, chifukwa udzu wouma ukagwira palibe amene angauzimitse, ndipo kutentha nkhalango yotetezedwa ndi mlandu.

Tibwere ku nkhani ya mizimu ndi ulemu, imene ndikuona kuti ndiyo yagona pamtima pa apongozi anu. Sindikufuna kulowerera pa chikhulupiriro cha munthu, koma ndikuona kuti chimene iwo akuteteza ndi choyenera kutetezedwa. Pamalo amenewo panafera anthu pa nkhondo, panadutsa anthu omangidwa m'magoli amene sanaonenso kwawo, ndipo panazunzika akaidi. Sipoyenera kufikapo ndi wailesi yophokosera kapena kumakuwa ndi kuseka ngati muli pabwalo la mpira. Kamba wanu, kaya ndi mbatata yophika, chinangwa kapena thobwa, mukadyere kunja kwa makoma, pamthunzi umene wokuperekezani angakulozereni, ndipo mapepala ndi mabotolo mubwerere nawo kunyumba. Mukaona mitumbira kapena nkhalango yowirira imene anthu akunena kuti ndi manda, musalowemo, musaloze ndi chala ndipo musajambule popanda kuloledwa. Ana asalembe mayina awo pakhoma ndi makala kapena msomali. Mukawafotokozera apongozi anu kuti mudzayenda motere, ndiponso kuti amfumu a deralo adziwitsidwa, ndikukhulupirira kuti mtima wawo udzatsika. Afunseninso zimene iwo anamva kwa makolo awo za nthawi ya akapolo ndi ya thangata, chifukwa mwina kukana kwawoko kukuchokera pa zimene akudziwa.

Chimene ndikufuna kuti muchiganizire kwambiri ndi zimene mudzawauze anawo mukakhala pansi pamenepo. N'kosavuta kuwauza kuti kunali mafumu oipa ogulitsa anthu, kenako kunabwera azungu abwino n'kuthetsa zonse. Mbali ina ya mawu amenewa ndi yoona: malonda a akapolo anali nkhanza yosaneneka, midzi yambiri inatha, ndipo nkhondo za m'ma 1890 zinatsekadi njira zimenezo. Koma linga lomwelo linalinso chida chokhazikitsira ulamuliro umene unabweretsa msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa malo, thangata, ndiponso utengatenga umene unapha anthu ochuluka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Afunseni ana kuti miyala yonseyo anaisenza ndani, madzi omangira anatunga ndani, ndipo chakudya cha asilikali chinkalimidwa m'minda ya yani. Mayina a anthu amenewo sanalembedwe pachipilala chilichonse, koma ndi makolo a anthu amene mudzakumane nawo m'njira. Chenjeraninso kuti mwana asachokeko ndi maganizo oloza chala mtundu wina wa anthu. M'kalasi mwake muli Ayao, Anyanja, Angoni, Alomwe ndi ena, ndipo m'mbiri imeneyi munali ogwira ndi ogwidwa m'mitundu yosiyanasiyana, Ayao ambiri nawonso anagulitsidwa, pamene ogula akuluakulu anali kugombe ndi kutsidya kwa nyanja yamchere. Mwana wa Sitandade 7 ndi wamkulu mokwanira kumva zonsezi.

Ngati oyang'anira nkhalango atakuuzani kuti kuphiri sikungapitike pa nthawiyo, musakakamire. Lowerani ku Cape Maclear, kupitirira Monkey Bay, kumene mu 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anakhazikitsa mishoni yoyamba ya Livingstonia atafika pa sitima ya Ilala. Malungo anawavuta kwambiri, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Manda a ena mwa iwo alipobe m'munsi mwa phiri, m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kumeneko n'kosavuta kuyenda ngakhale ndi mwana wamng'ono, pachipata pamakhala olondera amene angakulozereni njira, ndipo m'mbali mwa msewu mudzaonanso Mwala wa Mphini. Chakudya chokha muchisunge bwino, chifukwa anyani a kumeneko anazolowera anthu.

FUNSO

Akonzi, kwathu kuno kufupi ndi Namwera kuli nyumba yakale ya pa esiteti ya fodya imene inasiyidwa kalekale, pamodzi ndi mabalani ake amene anagwa madenga. Tsiku lina tikuyenda kumeneko ndi azing'ono anga tinatola mikanda ndi mapale okhala ndi zolembalemba m'munda wa pafupi. Anzanga akuti mwini wake anakwirira ndalama pansi pa nyumbayo ndipo akufuna tikakumbe, ena akuti tikagumule njerwa timangire khola. Kodi pali cholakwa, poti malowo alibe mwini?

Mnyamata wa ku Namwera

YANKHO

Achimwene, malowo mwini ali nawo. Maesiteti ambiri amakhala pa lizi, ndipo ngakhale ulimi utaima, malowo ndi zomangidwa zake zimakhalabe m'dzina la munthu, kampani kapena boma, kotero kuti wogumula njerwa angathe kuimbidwa mlandu wakuba kapena wowononga katundu. Amfumu anu ndi ofesi yoona za malo kwa DC ndi amene angakuuzeni mwini wake. Nkhani ya chuma chokwiriridwa imamveka pafupifupi pa bwinja lililonse la mzungu m'dziko muno, ndipo chimene imasiya ndi maenje ndi makoma ogwa. Kukumba m'munsi mwa maziko a nyumba yakale n'kuika moyo pachiswe, makamaka m'balani, chifukwa makoma ake ndi aatali ndipo denga limene linkawagwirizanitsa linachoka, choncho angathe kugwera wokumbayo.

Mikanda ndi mapale amene mwatolawo ndi nkhani ina, ndipo mwina ndi akale kwambiri kuposa esitetiyo. Akatswiri ofukula zakale amazindikira nthawi imene anthu anakhala pamalo poona mmene mbiya inaumbidwira, zolemba za m'khosi mwake, ndiponso kuya kwa dothi limene phalelo lapezekamo, ndipo mikanda yagalasi imasonyeza malonda amene ankachitika ndi anthu a kugombe. Phale likachotsedwa pamalo pake n'kuikidwa m'thumba, zambiri zimene likanatiuza zimatayika. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limateteza zinthu zoterezi, ndipo limaletsa kufukula, kugulitsa kapena kutulutsa kunja kwa dziko zinthu zakale popanda chilolezo cha boma. Zimene mwatola kalezo zisungeni pamodzi m'kapepala, mulembe tsiku ndi malo amene munazipeza, ndipo zimene zatsala m'mundamo muzisiye pomwepo, mungozijambula ndi foni mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke. Kenako dziwitsani amfumu ndi mwini munda, ndipo mukapita ku Boma mukaonetse zithunzizo kwa ogwira ntchito ku Lake Malawi Museum, amene angazitumize kwa akatswiri a nthambi yawo kuti adzaone malowo.